Sukulu ya pa Siteshoni ku New York

Pa ulendo wathu wa ku America tinaona nyumba zazitali ndi milatho yachitsulo, koma lero tifuna kukusimbirani za siteshoni imodzi yokha. Tinakwera sitima yoyenda pansi pa nthaka mumzinda wa New York, ndipo tinatsikira pa 149th Street–Grand Concourse, m'dera la Bronx. Pamalopo palibe chokongola: phokoso la zitsulo, fumbi, ndi anthu othamangira ku ntchito. Komabe m'zaka za m'ma 1970 benchi ina ya pa siteshoniyo inali sukulu, kumene achinyamata anaphunzira luso lolemba maina pa makoma ndi pa sitima, limene anthu alitcha graffiti.

Mwambowo unakula motere. Mnyamata wina wa mtundu wa Agiriki, wokhala mumsewu wa 183, anali mesenjala, ndipo kulikonse kumene anamtuma ankalembako dzina lakuti TAKI 183. M'chaka cha 1971 nyuzipepala ya New York Times inalemba nkhani yake, ndipo ana ambirimbiri anayamba kumtsanzira. Musadabwe nazo. Kumudzi mwana adziwika kwa mfumu ndi kwa anansi onse, koma mumzinda wa anthu oposa 7 miliyoni mwana wa mmphawi ali ngati kanjere ka mchenga. Anawo anafuna kuti dzina lawo lioneke.

Tsono atatuluka kusukulu ankasonkhana pa benchi ija, nayang'ana sitima zikudutsa, naweruza dzanja la aliyense. Yense anali ndi buku lachikuto chakuda lojambulamo zilembo zake, ndipo ankapatsana mabukuwo kuti anzawo awadzudzule. Woyamba kumene ankamutcha chidole. Wopambana ankamutcha mfumu. Monga mwana wa wosula ayamba ndi kupopa mvukuto asanagwire nyundo, momwemonso wophunzira ankanyamula zitini za utoto ndi kudzaza m'kati mwa zilembo, mmisiri atalemba kale mizere ya m'mbali. Poyamba aphunzire kusaina dzina lake ndi mzere umodzi. Kenaka zilembo zonenepa za mitundu iwiri. Pomaliza chithunzi chachikulu, chimene nthawi zina chinkakuta ngolo yonse ya sitima. Anazindikiranso kuti akachotsa kapakamwa ka chitini cha mankhwala otsukira uvuni ndi kukaika pa chitini cha utoto, mzere utuluka waukulu. Akulu adanena zoona: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma sitikubisirani choipa chake. Sitimazo sizinali zawo, ndipo utoto wambiri unali wakuba. Ankalowa usiku m'malo ogona sitima, pafupi ndi chitsulo cha magetsi chimene chipha munthu akangochikhudza, ndipo ena anataya moyo momwemo, makolo awo ali m'tulo. Okwera sitima anadandaula, ndipo mu 1972 mkulu wa mzindawo, John Lindsay, anayamba kulimbana nawo. Nkhondoyo inatenga zaka zambiri ndi ndalama zochuluka, kufikira pa 12 May 1989, pamene sitima yomaliza yolembedwa inachotsedwa pa njanji. Sitima zimene zinatidutsa ife zinali zambee.

Pochoka pamenepo tinatsikira ku East Harlem, pamene msewu wa 106 ukomana ndi Park Avenue. Pamenepo pali bwalo la sukulu lozingidwa ndi makoma, limene Ray Rodriguez anayamba kuitanirako ojambula mu 1980, kuti azigwira ntchito yawo poyera, osathawa munthu. Tinaima nthawi yaitali tikuyang'ana zilembo zolukanalukana ngati mkeka, zoposa msinkhu wa munthu. Tinakumbukanso Lady Pink, mtsikana wobadwira ku Ecuador, amene anayamba kulemba pa sitima mu 1979, ndipo pambuyo pake zithunzi zake zinalandiridwa m'nyumba zazikulu zosungiramo ntchito za amisiri.

Chifukwa chake, inu makolo, mukapeza mwana wanu atalemba ndi khala pa khoma limene amayi ake anazira dzulo, mlangizeni ndithu, pakuti khoma lili ndi mwini wake. Koma musafafanize musanayang'ane chimene walembacho. Ngati dzanja lake lili labwino, mpatseni pepala, ndipo mumfunire mmisiri womphunzitsa, kuti asakafune sukulu yake usiku.