Ngolo ya Kalabu Yathu: Mmene Tinaiyendera Tisanapereke Ndalama

 Ambiri mwakhala mukufunsa kuti ndalama zomwe munasonkha zothandizira kalabu ya zachilengedwe pasukulu pathu zinathera pati. Funsoli ndi loyenera ndipo ndiyankha mwatsatanetsatane, chifukwa ndalama yosonkha anthu imalemera kuposa ya m'thumba mwako. Ndaonanso kuti zomwe tinachita zingathandize mphunzitsi wina amene akufuna kugula kangolo kogwiritsidwapo kale ntchito, kaja kokoka ndi galimoto konyamulira matenti ndi ziwiya pa ulendo wokagona kutchire.

Amene munali mu kalabuyi mukudziwa mmene takhala tikuyendera. Minibasi imodzi, ana 15, thumba la ufa pamiyendo, zigubu za madzi pansi pa mipando, matenti atatsamira chitseko. Kupita ku Liwonde National Park kapena ku Cape Maclear mwanjira imeneyi n'kuika moyo wa ana a eni pachiswe, chifukwa dalaivala akangoponda buleki mwadzidzidzi, katunduyo amagenda anthu. Kubwereka pikiapu yapadera yonyamula katundu kunkadya pafupifupi theka la ndalama za ulendo wonse. N'chifukwa chake komiti inagwirizana kuti tipeze ngolo yathuyathu.

Tinamva za ngolo ziwiri. Yoyamba inali ku Lilongwe, yachiwiri ku Zomba. Zonse zinapangidwa ku South Africa, komwe tingolo totere n'tofala kwambiri mwakuti anthu ena amangotitchula tonse kuti Venter, dzina la kampani imodzi yodziwika kumeneko, monga mmene ife timatchulira mankhwala alionse otsukira mkamwa kuti Colgate. Ndinatenga mnyamata wanga wina wakale amene tsopano ndi makaniko, ndipo tinanyamula tochi, jeke, sikuludilaiva, maginito ndi chingwe. Zida zake ndi zomwezo basi, ndipo kupatula jeke, zonse zimalowa m'chikwama cha mphunzitsi.

Ya ku Lilongwe inali yokongola zedi. Penti yonyezimira, tenti yopinda pamwamba pake, kabati yokoka yokhala ndi mbaula ya gasi. Ndikanakhala kuti ndikufuna yoti anthu azindichemerera pamsewu, ndikanalipira pomwepo. Koma akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere, ndiye tisanayang'ane china chilichonse tinayamba ndi kachitsulo kolembedwa komwe kamakhomedwa kutsogolo kwa ngolo. Pamenepo pamakhala manambala awiri ofunika. Yoyamba imalembedwa kuti Tare, ndiko kulemera kwa ngolo ikakhala yopanda kanthu. Yachiwiri imalembedwa kuti GVM, ndiko kulemera konse komwe ngoloyo siyenera kupitirira itasenza katundu. Mukachotsa yoyamba pa yachiwiri, chotsalacho ndiye katundu amene mungaikemo. Masamu a sitandade 5, koma anthu ambiri amagula osawachita.

Ngolo zonse ziwiri zinali ndi GVM ya makilogalamu 750. Ya ku Lilongwe yokha inkalemera 480 chifukwa cha tenti ndi makabati aja, choncho inkatsala ndi 270. Ya ku Zomba inkalemera 330, n'kutsala ndi 420. Katundu wathu ndinali nditawerengera kale: zigubu 4 za malita 20, omwe ndi makilogalamu 80 popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, thumba la ufa 50, botolo la gasi lodzaza pafupifupi 20, matenti 5, onse pamodzi 60, zikwama za ana 15 pafupifupi 120, mapoto, nyemba, mpunga ndi usipa 40. Zonse pamodzi 370. Yokongola ija inaperewera ndi makilogalamu 100 tisanagwade n'komwe kuti tione pansi pake.

Nambala ya 750 sinangobwera yokha. Ku South Africa lamulo limati ngolo yopanda mabuleki akeake isapitirire makilogalamu 750, komanso isapitirire theka la kulemera kwa galimoto yomwe ikuikoka. Chifukwa chake n'chosavuta kumva kwa aliyense amene anatsikapo msewu wokhotakhota uja wochokera ku Dedza kupita ku Golomoti. Potsika phiri, kulemera konse kwa ngolo kumakankha galimoto kumbuyo, ndipo mabuleki a galimotoyo ndi amene amasenza zonse mpaka kutentha. Amene munkagona mu phunziro la momentum, apa ndi pomwe limagwira ntchito.

Kenako tinapita pa matayala. Mwini ngolo ya ku Lilongwe anati, "Aphunzitsi, amenewo musade nawo nkhawa, sanayendepo ulendo wautali." Ankanena zoona, mizere yake inali yakuya ndithu. Koma tayala limakalamba ngakhale lisakuyenda. Pambali pa tayala pamakhala zilembo zoyamba ndi DOT, ndipo manambala anayi omaliza amanena sabata ndi chaka chomwe linapangidwa. Mukaona 3614, ndiye kuti ndi sabata ya 36 ya chaka cha 2014. Kalembedwe ka manambala anayika kanayamba m'chaka cha 2000, choncho mukapeza manambala atatu okha, tayalalo ndi lakale kuposa ana onse a Fomu 4. Makampani ambiri opanga matayala amalangiza kuti tayala likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Ngolo zimavutika kwambiri ndi zimenezi chifukwa zimakhala miyezi yambiri zitangoima padzuwa, mphira n'kumauma ndi kung'aluka. Matayala onse atatu a ngolo yokongolayo, kuphatikiza la sipeya, anali atapitirira zaka zimenezi.

Titakweza ngolo ndi jeke, mnyamata wanga anagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamagwedera, ndiye kuti mabering'i amasuka kapena atha. Kenako analizungulitsa ndi dzanja ife tonse titakhala chete. Labwino limazungulira mwakachetechete, lakutha limalira ngati mchenga uli m'poto. Mabering'i si okwera mtengo kwenikweni, koma akauma girizi amatentha, ndipo tayala limatha kuchoka lonse galimoto ili pa liwiro. Apa mpamene chingwe chija chinagwiranso ntchito. Munthu amayeza kuchokera pa cholumikizira chakutsogolo kufika pakati pa tayala lakumanja, kenako lakumanzere. Mitunda iwiriyi iyenera kufanana, monga mbali ziwiri za isosceles triangle ija munkajambula mukudandaula kuti idzakuthandizani chiyani pa moyo. Ikasiyana, chitsulo chopingasa chogwira matayala, chomwe amakaniko amati axle, chinapindika kapena chinasuntha, ndipo ngoloyo imayenda cham'mbali n'kumadya tayala mbali imodzi. Pa mayeso awa ngolo zonse ziwiri zinakhoza.

Chomwe chinatimaliza ku Lilongwe chinali pansi. Tinagona chagada ndi tochi n'kuyamba kutsatira zitsulo za chassis, makamaka ziwiri zija zimakumana kutsogolo ngati chilembo cha A, chifukwa mphamvu yonse yokoka imadutsa pamenepo. Dzimbiri la pamwamba, lija limachoka ndi sandipepala, si nkhani. Loopsa ndi lomwe limatupitsa chitsulo n'kumasendeka ngati khungwa la mtengo. Mnyamata wanga anabaya ndi sikuludilaiva pafupi ndi pomwe pamamangidwa masipuling'i, ndipo inalowa. Pambali pake panali powotcherera patsopano, atapakapo penti yakuda. Maginito nawonso anakana kumata pakona ina ya bodi, chizindikiro choti pansi pa penti panali phala lija amamatira galimoto zochita ngozi. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, iyi tiisiye." Sindikunena kuti mwiniwake ankatinamiza. Anthu ambiri sanagonepo pansi pa ngolo yawo, ndipo naye anaoneka wodabwa. Tinathokoza, tinatsanzikana bwinobwino.

Ya ku Zomba inali yosasangalatsa m'maso. Penti inasuluka, chivundikiro chinali ndi zipsera za miyala, ndipo nkhuku zinali zitayamba kuikira mazira pansi pake. Koma sikuludilaiva inakana kulowa paliponse. Masipuling'i anali athunthu, opanda tsamba lothyoka, mabawuti ake olimba. Thabwa la pansi tinaliponda ndi kulibaya m'makona, momwe madzi amakonda kukhala, ndipo linali louma. Cholumikizira chake chinali cha mamilimita 50, muyezo wofala kuno ndi ku South Africa, ndipo titachikoleka pa chitsulo chobulungira cha kumbuyo kwa galimoto chinagwira osagwedera. Unyolo wachitetezo unalipo. Tinapempha ndowa ziwiri za madzi n'kuthira pa chivundikiro, ndipo titatsegula tinapeza madontho pakona imodzi, pomwe mphira wotchinga madzi unali utauma. Lona ya mthunzi yomwe imabwera ndi ngoloyo tinaitambasula padzuwa n'kulowa pansi pake, chifukwa kabowo kalikonse kamaoneka ngati nyenyezi. Inali ndi nkhungu pang'ono komanso zipi imodzi yakufa. Magetsi tinawayesa limodzilimodzi: a buleki, okhotera, ndi a usiku. Lakumanzere linkaphethira mofooka limodzi ndi linzake, zomwe kawirikawiri zimatanthauza kuti waya wa earth sakugwira bwino.

Sitinalekere pomwepo. Tinapempha kuti tiikoke makilomita angapo, ndipo mwiniwake anavomera n'kukwera nafe. Pobwerera tinagwira pakati pa tayala lililonse. Kufunda pang'ono n'kwabwino, koma lakumanja linali lotentha kuposa linzake, choncho tinalemba mabering'i pa mndandanda wa zokonza. Wogulitsa amene akukana kuti muyese ngolo pamsewu wakuuzani kale zonse zomwe muyenera kudziwa.

Tsopano nkhani ya mtengo, yomwe ndi imene ena mwa inu mukuidikira. Wogulitsa aliyense amayamba ndi kukuuzani ndalama zomwe iye anagulira. Nambala imeneyo ilibe ntchito kwa wogula, makamaka kuno kwathu komwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo wa zaka zapitazo sukuuzani kanthu, pomwe tayala ndi bering'i zomwe mukagule mawa ndi zochokera kunja ndipo mukalipira pa mtengo wa lero. Ife tinagwiritsa ntchito manambala atatu. Yoyamba, mitengo yomwe anthu ena akutchula pa ngolo zofanana nayo, tikukumbukira kuti mtengo wotchula si mtengo wogulitsira. Yachiwiri, ndalama zokonzera: matayala atatu, mabering'i a mbali zonse, mphira wa chivundikiro, waya, zipi ndi penti. Izi sitinaganizire m'mutu, tinafunsa m'masitolo ndi kwa telala, ndipo zinakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo womwe mwiniwake ankafuna. Yachitatu, ndalama zomwe takhala tikulipira pobwereka pikiapu pa maulendo atatu pachaka. Tinagwirizana kuti ngati ngoloyo singabweze ndalama zake m'zaka zinayi, kuli bwino tizingobwereka.

Pokambirana mtengo sindinanyoze katundu wa munthu. Ndinangowapatsa pepala la zokonza lija n'kunena kuti, "Bambo, ngolo yanu ndi yolimba ndipo taikonda, koma ndalamazi ndi za makolo ndi ana asukulu akale, ndiye ndiyenera kukawafotokozera tambala iliyonse." Anawerenga pepalalo kawiri, anapita yekha kukaona manambala a pa tayala, kenako anatsitsa mtengo ndi ndalama zochepera pang'ono pa zomwe tinalemba. Tonse tinakhutira.

Komabe tsiku limenelo sitinapereke ndalama. Nambala ya chassis yodindidwa pa chitsulo iyenera kufanana ndi ya pa kachitsulo kolembedwa kaja komanso ya mu bulu buku, chilembo ndi chilembo, ndipo dzina la mu bulu buku liyenera kukhala la munthu amene wakuonetsani chiphaso chake cha unzika. Ngolo ikakhala kuti idakali ndi nambala yakunja, funsani zikalata za Malawi Revenue Authority zosonyeza kuti msonkho unalipiridwa, apo ayi ngongoleyo idzakhala yanu. Ife tinapangana tsiku lokumana ku ofesi ya Road Traffic, msungichuma wa komiti alipo, ndipo ndalama zinaperekedwa kusintha umwini kutayambika. Malisiti onse ali ndi msungichuma ndipo aliyense amene anasonkha ali ndi ufulu wowaona.

Kwa aphunzitsi anzanga amene mudzabwereke ngoloyi, pali malamulo atatu omwe komiti yaika. Katundu wolemera, monga madzi ndi ufa, azikhala pansi, pamwamba pa axle, chakutsogolo pang'ono, kuti cholumikizira chizitsamira galimoto ndi kulemera kwa pakati pa 7 ndi 10 peresenti ya ngolo yonse. Mukalemetsa kumbuyo, ngolo imayamba kuvina pamsewu ndipo imatha kugwetsa galimoto. Lachiwiri, muziima mukayenda makilomita 20 oyamba n'kugwira matayala ndi cholumikizira. Lachitatu, mwana asakwere m'ngolo, ngakhale kuchoka pageti kufika pabwalo la mpira.

Matayala ndi mabering'i zaikidwa kale. Chatsala ndi kupala dzimbiri la pamwamba ndi kupaka penti, ndipo ntchitoyi tiigwira Loweruka loyamba tikatsekera teremu ino, kuseri kwa labotale. Amene muli pafupi bwerani ndi sandipepala ndi zovala zakutha, nsima ndi nyemba zidzakhalapo. Ana a Fomu 3 akukangana kale za mtundu wa penti, ndipo pakali pano obiriwira ndi amene akutsogola.