Martti Ahtisaari ndi Ulemu wa Woleretsa Ndewu

Komiti ya ku Oslo italengeza mu Okutobala 2008 kuti mphoto ya mtendere ya Nobel yapita kwa Martti Ahtisaari, chifukwa chimene inapereka chinali ntchito yake yothetsa mikangano m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi kwa zaka zoposa 30. Bamboyu anakhalapo pulezidenti wa dziko la Finland kuyambira 1994 mpaka 2000, koma upulezidentiwo sunali mutu wa nkhani. Chimenechi ndicho chimandikoka pa moyo wake. Mpando waukulu koposa umene anakhalapo sindiwo unamupangira dzina. Dzina analipeza pokhala pakati pa anthu odana, ndipo pafupifupi kulikonse kumene anagwira ntchito anasiyako wina akumutukwana.

Anabadwa pa 23 Juni 1937 mumzinda wa Viipuri. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mzindawo unalandidwa ndi Soviet Union, ndipo banja lake linali m'gulu la anthu a m'chigawo cha Karelia oposa 400,000 amene anasamuka kukakhala ngati alendo m'dziko lawo lomwe. Lero mzindawo umatchedwa Vyborg ndipo uli ku Russia. Anaphunzira uphunzitsi ku Oulu, anakagwirapo ntchito ku Karachi, kenako mu 1965 analowa mu unduna woona za ubale ndi mayiko ena. Mu 1973 anatumizidwa ku Dar es Salaam monga kazembe, ndipo ali kumeneko ankaimiranso dziko lake ku Zambia, Somalia ndi Mozambique. Ndi m'zaka zimenezo pamene anadziwana ndi omenyera ufulu a kummwera kwa Africa, kuphatikizapo a chipani cha SWAPO cha ku Namibia. Mu 1977 bungwe la United Nations linamupatsa udindo woyang'anira nkhani ya Namibia.

Anadikira zaka zoposa khumi kuti ndondomeko ya ufulu wa Namibia kuchoka m'manja mwa South Africa, imene bungwelo linavomereza mu 1978, iyambe kugwira ntchito. Tsiku loyambira linali 1 Epulo 1989, ndipo tsiku lomwelo zinthu zinasokonekera. Asilikali a SWAPO anawoloka malire kuchokera ku Angola ali ndi zida. Asilikali a South Africa anali atatsekeredwa m'makampu awo monga mwa pangano, pamene a United Nations amene anali atafika anali ochepa kwambiri moti sakanatha kuima pakati. Boma la Pretoria linaopseza kuti litaya pangano lonse. Ahtisaari, atakambirana ndi mlembi wamkulu Javier Pérez de Cuéllar, analola kuti ena mwa asilikali a South Africa atuluke m'makampu. Pa kumenyana kumene kunatsatira panafa anthu oposa 300, ambiri a iwo a SWAPO.

Taganizani: munthu amene mayiko a mu Africa ankamuona ngati bwenzi, ndiye amene anatsegulira chipata asilikali a boma la tsankho. Anadzudzulidwa koopsa, ndipo sindinganene kuti omudzudzulawo analakwa. Omuikira kumbuyo amati akanakana, South Africa ikanatulutsabe asilikali ake popanda womuletsa, ndipo ufulu wa Namibia ukanachedwa zaka zina. Mwina n'zoona. Koma mayi amene mwana wake anaikidwa m'dzenje limodzi ndi anzake kumpoto kwa dzikolo sangatonthozedwe ndi mawu akuti mwina.

Chimene anachita pambuyo pake ndicho ndimachitenga ngati phunziro. Sanatule pansi udindo kuti adziyeretse, komanso sanathere nthawi yake podziteteza. Anapitiriza ntchito. Mu Novembala 1989 anthu a ku Namibia anaponya voti, 97 pa 100 alionse olembetsa anafika pamalo oponyera, SWAPO inapeza mipando 41 mwa 72, ndipo Ahtisaari anatsimikiza kuti chisankhocho chinayenda mwamtendere ndi mwachilungamo. Pa 21 Malichi 1990 Sam Nujoma analumbirira upulezidenti. Pambuyo pake boma la SWAPO lomwelo linapatsa Ahtisaari ndi mkazi wake Eeva unzika waulemu wa Namibia. Kuli ana ambiri kumeneko otchedwa Martti, ngakhale tiyenera kunena kuti dzinali linafika kale ndi amishoni a ku Finland amene anayamba ntchito ku Ovamboland mu 1870.

Kwawo anamusankha mu 1994, nthawi imene chuma chinali chitagwa, ulova uli ponseponse, ndipo anthu atatopa ndi andale akalekale. Iye anali asanakhalepo phungu ngakhale nduna. Anapambana Elisabeth Rehn pa chisankho choyamba chimene anthu a ku Finland anasankha pulezidenti mwachindunji. Mu ulamuliro wake dzikolo linalowa m'bungwe la European Union pa 1 Januwale 1995, ndipo mu 1997 anachereza Bill Clinton ndi Boris Yeltsin ku Helsinki. Ndale za pakhomo sizinkamuyanja kwenikweni. Anakanganapo ndi nduna yaikulu Esko Aho pa nkhani ya amene ayenera kuimira dziko kumisonkhano ya ku Ulaya, ndipo chipani chake chitafuna kuti apikisane ndi ena pa chisankho cha chipulula, iye anangoti basi, sadzaimanso. Anachoka pa 1 Malichi 2000, tsiku limene malamulo atsopano ochepetsa mphamvu za pulezidenti anayamba kugwira ntchito. Anasiyira Tarja Halonen, osalimbana ndi aliyense.

Munthu wa zaka 62 amene wangochoka kunyumba ya boma timayembekeza kuti azingodula maliboni. Iye chaka chomwecho anayambitsa bungwe lokhala pakati pa mikangano la Crisis Management Initiative, ndipo anapita limodzi ndi Cyril Ramaphosa kukayendera malo obisika amene gulu la zigawenga la IRA linkasungirako zida. Mu 2005 anakhazika pansi boma la Indonesia ndi zigawenga za GAM za m'chigawo cha Aceh, zimene zinakhala zikumenya nkhondo kuyambira 1976. Madzi a tsunami ya mu Disembala 2004 anali atangosesa chigawocho, ndipo mbali zonse zinali zitafooka. Ahtisaari sananyengerere. Anauza zigawengazo poyera kuti nkhani yodzipatula n'kukhala dziko palokha siikambidwa, zimene kwa iwo zinali ngati kuwalanda chimene abale awo anafera. Pangano linasainidwa ku Helsinki pa 15 Ogasiti 2005: GAM inapereka mfuti 840, boma linachotsa asilikali ambiri, ndipo Aceh inaloledwa kudzilamulira pa zinthu zambiri n'kukhala ndi zipani zakezake. Mtendere umenewo ulipobe.

Ku Kosovo, chigawo chimene chinkafuna kudzipatula ku Serbia, anachita zosiyana ndi zimenezi, ndipo apa ndi pamene anthu ena amamuona ngati wa nkhope ziwiri. Mu Juni 1999, akadali pulezidenti, anapita ku Belgrade ndi Viktor Chernomyrdin wa ku Russia kukapereka kwa mtsogoleri wa kumeneko, Slobodan Milošević, mfundo zimene zinathetsa mabomba amene NATO inkaponya pa nkhani ya Kosovo. Mu 2007 anapereka ndondomeko yoti Kosovo ikhale dziko palokha moyang'aniridwa ndi mayiko ena. Serbia inakana, Russia inakananso, ndipo Kosovo inangodzilengeza yokha pa 17 Febuluwale 2008. Chimene anawamana a ku Aceh anawapatsa a ku Kosovo. Ine ndimaona kuti sankayendera mfundo imodzi yokwanira paliponse, koma ankayang'ana chimene chingatheke kuti mfuti zikhale chete. Njira imeneyi ili ndi mtengo wake, chifukwa amene wagonja amaona kuti chilungamo chagulitsidwa kwa amphamvu. Mpaka lero Serbia sivomereza Kosovo.

Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo woleretsa ndewu amazilandira kuchokera mbali zonse. Mndandanda wa mamendulo sunena zimenezi. Umangotchula nyota ya O. R. Tambo imene South Africa inamupatsa mu 2004, mphoto ya UNESCO ya Félix Houphouët-Boigny, ya Nobel, ndi malo ake m'gulu la The Elders limene Nelson Mandela anayambitsa. Wowerenga mndandandawo angaganize kuti bamboyu ankakondedwa kulikonse. Zoona zake n'zakuti ulemu wambiri unabwera patapita zaka, ukali utazizira, ndipo wina unachokera kwa anthu omwewo amene anawapsetsa mtima.

Mu 2021 zinalengezedwa kuti akudwala matenda oiwalaiwala a Alzheimer ndipo wasiya kuonekera pagulu. Anamwalira ku Helsinki pa 16 Okutobala 2023 ali ndi zaka 86. Pamaliro ake, pa 10 Novembala, panafika Vjosa Osmani, pulezidenti wa Kosovo, ndi Hage Geingob, pulezidenti wa Namibia pa nthawiyo, amene mu 1989 ndiye ankatsogolera kampeni ya SWAPO.