BUKHU LA NDARAMA LOSAGULA

Abambo ndi acimwene anga a m'migodi, ine ndine mnyamata wolemba mu ofesi ya malipiro, ndipo sukulu yanga inalekeza ku pulaimale ya mishoni. Za thanthwe ndi kutentha kwa pansi mumazidziwa ndinu. Koma za ndarama ndiloleni ndinenepo pang'ono, pakuti mapepala a malipiro ndiwo ndimagwira tsiku ndi tsiku.

Zimene adula pa pepala lanu, monga msonkho, UIF, ca bungwe la anchito ndi ca maliro, kalaliki ali yense akhoza kukuwerengerani. Koma zotsalazo zikalowa m'thumba mwanu, palibe kalaliki angazilondole. Angathe ndi mwini wace yekha, ngati analemba.

Cifukwa ca ici ndifuna kukuuzani za pulogalamu ya pa kompyuta yochedwa GnuCash, imene ine ndimalembamo ndarama zanga. Inaturuka m'caka ca 1998, ndipo amene amaikonza ndi anthu odzipereka a m'maiko osiana-siana. Siigulidwa, ndipo palibe colipira pa mwezi. Munthu amaitenga pa intaneti kamodzi, naiika pa kompyuta ya Windows, Linux kapena Mac, ndipo pambuyo pace amalemba popanda intaneti. Zolembazo zimakhala m'kompyuta yace momwemo, sizipita ku kampani iri yonse.

Nzeru yace ndi yakale. M'caka ca 1494, ku Venice, wansembe wina dzina lace Luca Pacioli anasindikiza bukhu lofotokoza m'mene amalonda a kumeneko ankalembera cuma cao. Lamulo lace ndi ili: ndarama iri yonse ilembedwe kawiri, kumene yacokera ndi kumene yapita. Mukatumiza R2,000 kumudzi, mulemba kuti yacoka ku banki, ndiponso kuti yapita ku malata a nyumba kapena ku fizi ya mwana. Mbali ziwirizi zikapanda kulingana, GnuCash imaika cotsalaco pa malo ochedwa Imbalance, ndipo cimakhala pomwepo kukuyang'anani kufikira mutakumbukira kumene cinapita.

Ubwino wace umaoneka makamaka pa ngongole. Tinene kuti munthu wakongola R1,000 kwa akatapila, amene kuno timawacha mashonisa, kuti adzabweze R1,300 pa kutha kwa mwezi. M'thumba mwace ndaramayo imaoneka ngati yace. Koma m'bukhuli imalembedwa ku mbali ya ngongole, ndipo R300 yapamwambayo imalembedwa payokha monga yotayika. Akacita cotero miyezi khumi ndi iwiri, bukhu lidzamuonetsa R3,600 imene anapereka osagula nayo kanthu. Ambiri a ife sitinaonepo ciwerengero cimeneci pamodzi, cifukwa cimacoka pang'ono-pang'ono.

Kumbukiraninso kuti m'caka ca 2016 bwalo lalikuru la malamulo a dziko la South Africa linagamula kuti cilolezo ca kudula ngongole pa malipiro a munthu cizicokera kwa woweruza, osati kwa kalaliki wa bwalo yekha. Lamulo liripo, komatu munthu wopita kukadandaula kuti akumdula mopitirira amafunsidwa kuti analipira zingati ndi liti. Wolemba amayankha ndi pepala. Wosalemba amangoti, "Ndalipira zambiri."

GnuCash imadziwanso ndarama za maiko ambiri, monga randi, kwaca ndi metikali. Inu a ku Malawi mukumbukira kuti mu November 2023 kwaca inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Randi imodzi inayamba kubala makwaca ambiri, ndipo ena anayesa kuti alemera, osadziwa kuti mtengo wa feteleza ndi simenti nao unakwera. Mukamalemba randi zimene mwatumiza, makwaca amene afika, ndi cimene agula nao, mudzadziwa ngati nyumba yanu ikukweradi, ndipo simudzakaikira amai a kunyumba pacabe.

Palinso a malonda ang'ono. Wina amameta anzace m'komboni, wina amasoka zobvala, wina anatsegulira mkazi wace kagolosale kumudzi. Cimene cimapha malonda otere ndi kusakaniza ndarama ya katundu ndi ya ndiwo. M'pulogalamuyi mukhoza kutsegula bukhu lina la malonda okha, kulemba dzina la ali yense wotenga katundu pa ngongole, ndi kumsindikizira pepala loonetsa zimene ayenera kulipira. Mukatapako ndarama ya sopo, mulembe kuti mwini malonda watapa, kuti phindu lioneke loona.

Zobvuta ziripo, ndipo sindizibisa. GnuCash imafuna kompyuta, ndipo mau ace ali m'Cingerezi, m'Cipwitikizi ndi m'zinenero zina za kutali. Koma maina a zigawo mumapereka nokha: zanga ndinazicha Cakudya, Kumudzi, Malata ndi Ulendo. Amene ali ndi foni yokha angayese ina yaulere yochedwa Money Manager Ex, imene imagwira pa Android. Amene alibe zonsezi agule kope, agawe tsamba pakati ndi mzere, ndipo alembe kumanzere kumene ndarama yacokera ndi kumanja kumene yapita. Lamulo ndi limodzimodzi.

Cenjerani pa zinthu ziwiri. Coyamba, kompyuta imafa ndiponso imabedwa, tsono kopani bukhu lanu pa fulashi mwezi uli wonse ndi kuisunga padera. Caciwiri, mnyamata amene akuthandizeni kuika pulogalamuyi safunika nambala yanu yacinsinsi ya ku banki, akaifunsa, mkanizeni.

Abambo anga, makina sadziwa kanthu kamene inu simunawauze. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha, ndipo mizere itatu pa tsiku, musanagone, ndi yokwana. Yambani pa tsiku la malipiro likudzali. Lembani zonse ziri pa pepala lanu, ngongole zonse zimene muli nazo osabisa ngakhale imodzi, ndi ndarama iri m'thumba. Ikatha miyezi itatu muwerenge, ndipo mudzasankha nokha cimene ciyenera kulekedwa.

Ndine mwana wanu,
KALALIKI WA KU MGODI.