Gitala ya pa Zed inabwelela, nanga ise tili kuti?

Mu Lusaka munthu safunika kusakila nyimbo, nyimbo ndiye ikusakila. Ukakwela minibasi pa Kulima Tower, kondakitala akalibe kukamba mtengo, Yo Maps wayamba kale. Ukangena mu babashopu, ni amapiano. Pa Sondo kwaya ya aneba ikuutsa olo siunaike alamu. Sinikamba kuti izi nyimbo ni zoipa, iyayi, na ine nimavina. Koma onani bwino: zonse wina wake ndiye anakusankhilani. Dilaiva, DJ, kapena uja mnyamata wa pa City Market amene amaikila banthu nyimbo mu memory card. Matu ni yanu, koma kiyi ili na wina.

Ine nikhala ku Kabwata, nisebenza mu tauni, mu kashopu ka mafoni pafupi na Katondo Street. Matenda yanga ni gitala, ija yamagetsi yamene ilila monga njuchi zakalipa mu mgolo. Banzanga ba pa nchito bamanichita "mzungu wa ku Kabwata". Wina ananiuza kuti rock ni nyimbo za banthu bamene sibasamba. Nimaseka chabe, chifukwa nikaika ma earphone pa Chisanu m'mawa, nili na chinthu chamene beve balibe, nyimbo yamene sininamvelepo dzulo.

Chisanu sininasankhe neka. Kuyambila mu 2015, makampani ya nyimbo pa dziko lonse anagwilizana kuti vatsopano vizichoka pa Chisanu. Spotify inafika kuno ku Zambia mu February 2021, ndipo kuchokela apo ine na bundle yanga ya usiku tinakhala pa chibwenzi. Ninayamba na magulu yamene bamati indie. Ili liu litanthauza chabe kuti oimba sali mu manja mwa makampani atatu akulu, Universal, Sony na Warner. Bamajambula na ndalama zao, olo na kakampani kang'ono, ndipo palibe bwana wowauza kuti "ikani kolasi apa kuti ilile pa wailesi". Ninapeza IDLES ba ku Bristol, bamene bamaimba monga bali pa sitalaka. Ninapeza Fontaines D.C. ba ku Dublin. Ninapeza Mdou Moctar wa ku Niger, wa dzanja la manzele, amene gitala yake imathamanga monga mphepo ya mu August. Apo ndiye ninadziwa kuti rock ilibe khungu.

Mu June 2023, pa mndandanda wa vatsopano panabwela chimbale chochedwa Zango, cha gulu la WITCH. Chinachoka kupyolela mu Partisan Records, kampani imodzimodzi yamene imatulutsa IDLES. Ninadina monga mwa masiku yonse. Gitala ija ya njuchi inalipo, koma ng'oma zinali kuyenda monga za kwathu, ndipo mau yenangu yanali ya vilankhulo vathu. Ninayang'ana pansi kuti nione kwamene banajambulila. DB Studios, Lusaka. Muno mwamene mu tauni yathu, mwamene ine nipita masiku yonse na kachikwama kanga ka ma screwdriver. Nyimbo inayenda kuzungulila kunja, ndiye inabwela kunipeza pa foni.

Pa Chibelu ninakwela basi ya ku Chelstone kukaona amalume. Ni munthu wa zaka zopitilila 70, wopuma nchito, amene masiku yano nkhani zake ni BP na mtengo wa unga. Ninaika foni pa tebulo. Sipanapite na mphindi, anaika kapu ya tiyi pansi.

"Iwe mwana, uyo si Jagari?"

"Ni beve, amalume."

"Akali moyo? Akali kuimba?"

Tsiku lija tiyi inazizila. Amalume ananiuza za mabuluku ya bell-bottom, nsapato zazitali, tsitsi la afro, na mwamene banali kujomba pa nyumba kuti bakaone banda. Amai banga banali kuniuza kuti amalume banali munthu wofatsa. Manje nadziwa kuti banali kunibisa.

Kwa imwe bamene munabadwa mu nthawi ya ma ringtone, lekani nikuuzeni mwachidule. Mu zaka za m'ma 1970 Zambia inali na rock yake yake, yamene manje ichedwa Zamrock. Anyamata ba ku Copperbelt na Lusaka banamvela Jimi Hendrix, Rolling Stones na James Brown, banasakaniza na ng'oma za kumudzi. WITCH inayambila ku Kitwe, ndipo dzina lao ni chidule cha We Intend To Cause Havoc. Woimba wao Emmanuel Chanda banamupatsa dzina la Jagari chifukwa cha Mick Jagger. Mu 1975 banatulutsa Lazy Bones!!, ndipo chaka chamene icho Amanaz banatulutsa Africa. Kunali Rikki Ililonga na Musi-O-Tunya, kunali The Peace, kunali Paul Ngozi na Ngozi Family. Ba Kaunda banalamula kuti nyimbo zambili pa wailesi zizikhala za muno, ndipo ku Ndola makampani monga Teal na Zambia Music Parlour yanali kutulutsa vimbale.

Vinagwa bwanji? Mtengo wa kopa unatsika, ndalama za mu thumba zinasila, malamulo yoletsa kuyenda usiku yanapha ma show, disco inabwela, makaseti yokopela yanadya malonda. Pamwamba pa vonse, AIDS inatenga oimba ambili mu zaka za m'ma 1980 na 1990. Pa banthu bamene banayamba WITCH, ba Jagari ndiye banatsala beka, ndipo banapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuti bapeze chakudya. Paul Ngozi anamwalila mu 1989. Kwathu ku Kabwata kuli mseu wochedwa Paul Ngozi Road. Funsani bana ba sukulu khumi bamene bapita pamenepo kuti uyu munthu anali ndani, muzamva kuti mwina anali kansala.

Bamene banakumbuka ni banthu ba kunja. Kampani ya ku Los Angeles, Now-Again Records, inayamba kutulutsa futi vimbale vakale, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa nyimbo zambili pa Welcome to Zamrock! Mu 2019 kunachoka filimu ya WITCH yopangiwa na Gio Arlotta wa ku Italy. Ba Jagari banabwelela pa siteji pamodzi na ba Patrick Mwondela ba kiyibodi, na oimba achinyamata monga Jacco Gardner wa ku Netherlands. Zango chinali chimbale chao choyamba chatsopano pambuyo pa zaka 39, ndipo muli mau ya Hanna Tembo, Theresa Ng'ambi na Sampa the Great. Sibanalekele apo. Mu June 2025 banatulutsa china, Sogolo. Dzina lokha likuuzani kuti si nkhani ya kukumbuka vakudala chabe.

Sampa nayenso anachita mbali yake. Anabadwila ku Ndola, anakulila ku Botswana, anatchukila ku Australia, koma mu 2022 anatulutsa As Above, So Below chamene anapanga na Mag44, ndipo nyimbo yake Never Forget, muli Chef 187, Tio Nason na Mwanjé, ni ulemu kwa Zamrock. Mu October 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatulutsa Noid, yamene inatenga chidutswa cha Nizakupanga Ngozi ya Ngozi Family, ya mu 1977. Mwezi uja kamtsikana kena ka yunifomu ya sukulu ya ku Kabulonga kanabwela ku shopu na foni yophwanyika galasi. Titaiyatsa, Noid inayamba kulila. Ninakafunsa ngati kadziwa mwine wa mau ya Chinyanja yamene yali mkati. Kanati, "Uncle, nimaganiza Tyler anaphunzila chabe." Ninakalembela dzina la Paul Ngozi kumbuyo kwa lisiti.

Apa ndiye pamene panibaba mtima. Sinili na mlandu na banthu ba kunja, banachita nchito yamene ise tinaileka, ndipo ba Jagari bayenela kudya thukuta lao bakali moyo. Koma vimbale vakale vamene makolo yathu banataya pamene kaseti inabwela, manje osonkhanitsa ku Europe na America bamavigula na ndalama zamene zingalipile lendi ya ku Kabwata. WITCH imazungulila America na Europe, ise tionela pa YouTube, kuwelenga ma megabyte. Kodi tizayembekeza futi zaka 40 kuti wina wa ku Los Angeles atiuze kuti mwana wa aneba amadziwa kuliza gitala?

Chifukwa bana bamene baliza gitala balipo. Pitani mu matchalitchi ya ku Chelstone, Kabwata na Chilenje pa Sondo, muzaona anyamata bamene vala vao vimathamanga mpaka abusa bayang'ana kumbuyo. Mng'ono wa mnzanga ali na kagulu ka banthu anai. Bamayeselela ku Woodlands, mu kanyumba ka kuseli kwa yadi ya bene, ng'oma banaziphimba na mabulangeti kuti aneba basaitane apolisi. Mu 2024, pamene madzi yanachepa ku Kariba ndipo malaiti yanali kuyenda pafupifupi tsiku lonse, banali kujambula pakati pa usiku, nthawi yamene magetsi yabwela. Nyimbo zitatu banaika pa intaneti. Ninazimvela. Woimba nthawi zina amaphonya, koma muli moto.

Vuto yao si luso. Mwine wa bala akayang'ana banda ya banthu anai, na ng'oma, na ma amplifier, na galimoto yonyamula, amaona kuti DJ m'modzi na laputopu ni wochipa. Malo yamene yalola banda kambili yali ku Kabulonga na kwina kwa apamwamba, kwamene botolo imodzi ni mtengo wa basi ya masiku angapo, ndipo show ikasila usiku minibasi kulibe, ufunika takisi. Kumeneko futi makasitomala bafuna nyimbo zamene badziwa kale. Anyamata baja bakaliza yao, banthu bayamba kuyang'ana mafoni. Bakaliza ya kunja ya kudala, manja m'mwamba. So gulu limaphunzila kuti nyimbo zake zilibe nchito, ndipo pakapita zaka ziwili wa gitala wayamba kugulitsa inshuwalansi.

Ndiye chifukwa chake nikamba kuti kusakila nyimbo zatsopano si maseweła ya banthu ba ndalama chabe. Ni njila yamene oimba bang'ono bamapezela mpweya. Ndipo sivifuna vambili. Mwamene nimachitila ine ni so.

Pa Chisanu nimasankha chimbale chimodzi chabe, nimachimvela chonse kuyambila ku Kabwata mpaka mu tauni na pobwelela, osadumpha. Nyimbo zina zimakana tsiku loyamba, zimavomela lachitatu. Nikakonda gulu, nimayang'ana kampani yamene inalitulutsa, chifukwa tumakampani tung'ono tumakhala na kukoma kumodzi. Nimawelenga maina ya bamene banaliza nao, chifukwa dzina limodzi limakupeleka ku lina. Pa YouTube nimaona ma show ya KEXP, wailesi ya ku Seattle, na Tiny Desk, kwamene banda imaliza pamaso panu popanda vobisa. Nimayang'ananso kwa aneba: Mokoomba ba ku Victoria Falls, BLK JKS ba ku Johannesburg, Madalitso Band ba ku Malawi bamene bamadzaza siteji bali babili chabe. Va data, kopelani usiku olo pa Wi-Fi ya ku nchito, muzimvela masana popanda intaneti. Nimaonanso mapulogalamu ya ku Alliance Française, pa Alick Nkhata Road, mseu wina wa dzina la woimba, chifukwa kumeneko nthawi zina kumakhala banda za moyo.

Chinthu chachikulu ni ichi: mukapeza gulu la muno lamene lakugwilani mtima, musasunge mweka. Ndalama yamene woimba apeza munthu akamvela kamodzi pa intaneti ni yaing'ono maningi, siingagule na fritasi. Koma tiketi ya pa khomo, sikipa ya gulu, olo K20 ya pa mobile money, ivo vimafika. Tumilani mnzanu nyimbo pa WhatsApp. Mupempheni wa babashopu aike imodzi pamene akugelani. Tumani uthenga ku wailesi kuti bailize. Dilaiva wa minibasi naye ni munthu, tsiku lina ninamupatsa dilaiva wa ku Chelstone nyimbo ya WITCH, anailiza mpaka pa Munali, ndipo amai bena kumbuyo banafunsa kuti ni ndani.

Anyamata ba ku Woodlands baja bali na show kumapeto kwa mwezi, ndipo balonjeza kuti bazaliza nyimbo zao zokha. Nagula matiketi yabili. Imodzi ni ya uja mnzanga wa pa nchito amene anati ba rock sibasamba. Namuuza kuti abwele na sopo ngati afuna, koma abwele.