Katete si pogulira nthochi chabe

Ambirife timadziwa Katete kudzera pa windo la basi. Tachoka ku Intercity m'bandakucha, tawoloka mlatho wa Luangwa, tadutsa Nyimba, Petauke ndi Sinda, ndiye basi ikaima pa Katete Stores timangogula nthochi, mtima uli kale ku Chipata, makilomita osakwana 90 kutsogolo. Chonsecho ndife tomwe timakhalira kusirira pa Instagram timatauni ta m'mphepete mwa nyanja ku Italy, ati chifukwa tili ndi mbiri. Nanga kwathuku mbiri inathawa?

Tauniyi ili pawiri: ku Stores, pamsewu waukulu pomwe pali malonda, ndi ku Boma komwe kuli maofesi. Phiri la Mphangwe laima chapafupi. Apa mpomwenso umapatukira msewu wa ku Chanida, wolowa ku Mozambique mpaka ku Tete.

Chipatala cha St Francis chinayamba mu 1948, ndipo anachiyambitsa ndi Francis Trefusis, wansembe wa Anglican yemwe analinso dokotala. Lero Aanglikani ndi Akatolika amachiyendetsa pamodzi, zomwe sitiziona kawirikawiri. Ambiri a ife amene timadzitcha ana a Lusaka tinabadwira m'mawodi amenewa.

Koma mtima wa Katete uli ku Mkaika, kulikulu la Kalonga Gawa Undi. Loweruka lomaliza la Ogasiti mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzalamba: amapereka mphatso ndi kufotokozera Gawa za madera awo. Atsamunda analetsa mwambowu mu 1934, ndipo unadzayambiranso mu 1984. Zaka 50 zimenezo! Ana anabadwa, nakula, nakwatira osauonapo. Mu 2007 Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza anakhala pabwalo limodzi ku Mkaika, malire a pamapu ataiwalika kwa tsiku lathunthu. Gule Wamkulu amene ena a ife timachita naye manyazi mtauni, UNESCO inamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Chomwe chimatinyansa n'chakuti masiku ano mahema a makampani ndi malaya a zipani amafuna kuphimba ng'oma, ndipo ena amabwerera kwawo atakhuta mowa, osaona ngakhale anamwali akutuluka.

Pali malo ena omwe sitiwatchula n'komwe. M'mapanga a Makwe ndi Mkoma muli zithunzi zojambulidwa pamiyala. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, akulu amati ndi za Akafula, alenje amene Achewa anawapeza kuno. Zoyera zinabwera pambuyo, ndipo ofufuza amazigwirizanitsa ndi nyau komanso chinamwali. David Phillipson atakumba pa Makwe m'ma 1960 anapeza zipangizo zamiyala za zaka masauzande angapo. Ndiye kuti munthu ankasema mwala pamenepo kalekale, Undi asanabwere, mzungu asanalote za Fort Jameson.

Zithunzizi zilibe galasi lozitchinga ngati za mumyuziyamu. Utsi wa moto umazidetsa, dzanja lonyowa limazifufuta, ndipo makala a wolemba dzina la chibwenzi chake akhoza kuwononga m'mphindi imodzi chimene chapirira mvula zaka mazana. Tikafuna kupitako tiyambire kwa anyakwawa, tipemphe wotiperekeza, tijambule ndi foni, manja akhale m'thumba.