Mabaiti 68 kapena 10: luso lolongedza deta

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo gawo limene ndimaliikira mtima kwambiri ndi limene wogwiritsa ntchito pulogalamu saliona: kulongedza deta isananyamuke. Chinthu chikakhala m'kati mwa pulogalamu, kaya ndi mbiri ya wodwala kaya chiwerengero cha matumba a feteleza, chimakhala chomwazikana m'memori ya makina. Kuti chichoke pa kompyuta ina kupita pa inzake chiyenera kusanjidwa kukhala mzere umodzi wa mabaiti, ndipo chikafika chimamasulidwanso. Pa ntchito timati serialization. Kuno ku Dedza, kumene foni imagwira bwino pa chitunda n'kuyamba kudukiza mukangotsikira kuseri kwa phiri, nkhaniyi si yongokometsera. Mfundo yanga ndi imodzi: mayina a zinthu asamayende ndi uthenga uliwonse. Mbali ziwiri zigwirizane kamodzi tanthauzo la malo aliwonse mu uthengawo, kenako pa waya pazidutsa zokhazo zimene zimasintha.

Pamene izi zimaonekera msanga ndi pa cache. Database ili ngati holoselo ya ku Lilongwe: zonse zilimo, koma kukatenga kumadya nthawi. Cache ndi golosale ya pafupi, imene imasunga m'memori zinthu zofunsidwa kawirikawiri. Brad Fitzpatrick analemba pulogalamu ya cache yotchedwa memcached mu 2003 pofuna kupeputsa katundu wa webusaiti ya LiveJournal, ndipo Salvatore Sanfilippo anatulutsa inzake, Redis, mu 2009. Anthu akachuluka, cache imagawidwa pa maseva angapo, ndiye chinthu chilichonse chimalongedzedwa, chimadutsa pa netiweki, chimagona m'memori, kenako chimabwerera n'kumasulidwa. Baiti yosafunikira mumailipira pa sitepe iliyonse mwa zimenezi, ndipo mumailipira nthawi zonse pamene munthu wafunsa.

Tiyerekeze lipoti la mankhwala a malungo otsala pa chipatala china, lolembedwa mu JSON monga ambiri timachitira: {"boma":"Dedza","chipatala":"Bembeke","mankhwala":"LA","otsala":300}. Mukawerenga chilembo chimodzichimodzi mupeza mabaiti 68. Nkhani yeniyeni, yomwe ndi Dedza, Bembeke, LA ndi 300, ili m'mabaiti 17 okha. Ena onse 51 ndi mayina ndi zizindikiro, ndipo adzabwerezedwa chimodzimodzi pa lipoti lililonse la chipatala chilichonse. Mu Protocol Buffers, imene Google inatsegulira anthu onse mu 2008, dzina lililonse limalowedwa m'malo ndi nambala ya baiti imodzi, ndipo lipoti lomweli limatsika kufika pa mabaiti 23. Nambala yosafika 128 imatenga baiti imodzi, 300 imatenga awiri. Boma, chipatala ndi mankhwala zikapatsidwanso manambala ogwirizanirana, lipoti lonse siliposa mabaiti 10. Tsopano foni ipemphe malipoti 100 nthawi imodzi. Mu JSON ndi mabaiti 6,800, mapaketi asanu pa netiweki imene paketi yake imanyamula pafupifupi 1,500. Olongedzedwa mothina ndi mabaiti 1,000, paketi imodzi. Pamalo pamene netiweki ikudukiza, paketi iliyonse ikhoza kutayika n'kuyembekezera kutumizidwanso, ndipo kudikira kumeneko ndi kumene kumatopetsa namwino amene ali ndi mzere wa odwala pakhomo.

Nzeruyi si yachilendo m'Malawi. SMS imodzi imanyamula mabaiti 140, omwe amakwana zilembo 160 chifukwa chilembo chilichonse chimapanikizidwa m'mabiti 7. Koma ŵ wathu mulibe m'gulu la zilembo za GSM. Mukangolemba kuti Malaŵi ndi kachipewa kake, uthenga wonse umasamukira ku kalembedwe ka mabaiti awiri pa chilembo, ndipo malo amatsika kufika pa zilembo 70. Chilembo chimodzi chimadya malo oposa theka. Amene anakonza cStock, imene inayamba mu 2011 kuti alangizi a zaumoyo azinena pa SMS mankhwala amene atsala nawo, anatsata njira yomwe ndikunenayi: mankhwala aliwonse ali ndi chidule chake, mlangizi amalemba chidulecho ndi nambala, ndipo dzina lonse limadziwika kale mbali zonse ziwiri.

Chotsutsa choyamba chimene ndimamva n'chakuti JSON imawerengeka ndi maso, pamene mabaiti othina ndi mdima wokhawokha. Ndi zoona, ndipo zinthu zikasokonekera usiku munthu amafuna kuona zimene zili mu cache popanda kulimbana nazo. Koma tiyeni tiwerengere. Maso a munthu amayang'ana chinthucho mwina kamodzi pa mwezi, makina amachiwerenga tsiku lonse. Kachida komasulira mabaiti kukhala mawu owerengeka kamalembedwa kamodzi, ndipo Protocol Buffers imabwera nako kale. Si nzeru kulemetsa ulendo uliwonse chifukwa cha tsiku limodzi lofufuza vuto. Amene sakufuna kusunga mgwirizano wa manambala ali ndi njira ya pakati, MessagePack ya Sadayuki Furuhashi kapena CBOR imene inakhazikitsidwa mu 2013. Izi zimachotsa zizindikiro n'kufinya manambala, koma mayina zimayenda nawobe, choncho phindu lake ndi lochepa.

Ena amati ingofinyani JSON yomweyo ndi gzip. Pa fayilo yaikulu zimathandizadi, chifukwa gzip imapindula ndi mawu obwerezedwa. Koma cache imasunga tizinthu ting'onoting'ono patokhapatokha, ndipo m'mabaiti 68 mulibe zobwereza zokwanira. Gzip imawonjezeranso mabaiti 18 a mutu ndi mchira wake isanagwire ntchito iliyonse, ndiye kanthu kakang'ono kakhoza kutuluka katakula. Enanso amati memori inatsika mtengo. Inatsikadi kwa amene amalandira madola. Seva yobwereka imalipiridwa m'madola, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, memori yomweyo inakwera mtengo kwa ife tsiku limodzi. Apa ndiyenera kuvomereza kuti phindu la m'memori silifanana ndi la pa waya. Memcached imaika pa chinthu chilichonse mutu wake wa mabaiti pafupifupi 50, osawerengera kiyi (dzina limene chinthucho chimapezedwa nalo), ndipo imasunga zinthu m'zipinda za miyeso yoikika imene imakula ndi 1.25 kuchoka pa wina kupita pa wina. Zili ngati matumba a kachewere pa lole ya ku Bembeke: thumba losadzaza limatengabe malo a thumba lathunthu. Choncho kuchotsa mabaiti 58 sikuchulukitsa malo kasanu ndi kawiri. Kumangotsitsira chinthucho m'chipinda chaching'ono. Komabe zimenezo zimakwanira kuti zinthu zambiri zikhalemo, ndipo cache ikadzaza imataya zimene zatenga nthawi osafunsidwa, ndiye funso lililonse losowa yankho limabwerera ku database.

Chotsutsa chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi cha mgwirizano weniweniwo. Uthenga wothina sudzifotokoza wokha. Ukati malo 4 ali ndi 300, wolandira ayenera kudziwa kale kuti malo 4 ndi mankhwala otsala. Wina akasintha pulogalamu n'kupereka nambala 4 kwa mankhwala amene aperekedwa, zinthu zakale zimene zikadali mu cache zidzawerengedwa molakwika, ndipo palibe chidzalire. Lipoti lidzaoneka labwinobwino koma likunama, ndipo pa mankhwala a malungo bodza lotere limatanthauza shelefu yopanda kanthu m'nyengo ya dzinja. Ngoziyi ndi yeniyeni, makamaka kwathu kuno kumene foni ya kumudzi imatha miyezi ikuyendera pulogalamu yakale. Koma yankho lake si kubwerera ku mabaiti 68, chifukwa JSON nayonso imasokonekera wina akasintha dzina kapena tanthauzo lake. Yankho ndi mwambo wa ntchito. Nambala ikaperekedwa siisinthidwa. Chinthu chikachotsedwa, nambala yake imalembedwa kuti reserved ndipo sipatsidwanso kwa china. Chatsopano chimalandira nambala yatsopano, ndipo pulogalamu yakale ikakumana ndi nambala yosaidziwa imangoidumpha n'kuwerenga zotsalazo. Kusintha kukakhala kwakukulu moti zakale sizingamasuliridwe, ndimaika chizindikiro cha mtundu watsopano m'kiyi ya cache momwemo, v2 m'malo mwa v1, kuti pulogalamu yatsopano isatole n'komwe zakalezo, zingotsala mpaka nthawi yake ithe n'kufufutika zokha.