Ngozi ili ndi mwini wake

Lero sindilemba za mayeso ayi. Ndikufuna tikambirane mawu awiri amene timawamva pa maliro alionse a munthu wofera pamsewu, akuti "inali ngozi". Akatero woyankhula, tonse timapukusa mitu, wina n'kuwonjezera kuti tsiku lake linakwana, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine mawu amenewa ayamba kundiwawa, chifukwa ndaona kuti amatseka pakamwa anthu amene anayenera kuthandizidwa. Malamulo a dziko lino saiona ngozi ngati mphenzi yochokera kumwamba. Iwo amafunsa kuti ndani sanasamale, ndipo akamupeza amati alipire.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pa ngozi za pamsewu, ndipo kuti palibe china chimene chimapha anthu a zaka 5 mpaka 29 kuposa msewu. Tayang'anani bwino zaka zimenezo. Akuyambira mwana amene akukonzekera kulowa Sitandade 1 kufikira mphunzitsi wachinyamata amene wangochoka kumene ku Domasi. Ndi anthu athu omwewa, amene timawaitana maina m'kalasi m'mawa uliwonse.

Tikamva za ngozi ambirife timaganiza za magalimoto awiri kuwombana. Koma ngozi imene ine ndaiona kwambiri m'zaka zanga za uphunzitsi ndi ya galimoto kugunda munthu woyenda pansi kapena wapanjinga yakapalasa. Msewu wa M1 umadutsa pakati penipeni pa misika. Amene mwadutsapo pa Lizulu kapena pa Jenda tsiku la msika mukudziwa chimene ndikunena: tomato ndi mbatata zili pa phula, mayi akuthamangira basi ndi beseni kumutu, mwana akuwoloka osayang'ana, lole yodzaza ndi katundu ikutsetsereka. Mu 2019 lole ina inalowa pakati pa anthu pa Kampepuza ku Ntcheu ndipo anthu ambiri anafera pomwepo. Amalonda ali ndi mbali yawo yolakwa, inde, koma dalaivala amene akuona chigulu cha anthu m'mphepete mwa msewu ayenera kuchepetsa liwiro asanafike, osati kudalira hutala.

Apa mundilole ndilowe m'kalasi pang'ono, poti chizolowezi sichitha. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Dalaivala wabwinobwino, wosaledzera komanso wosagwira foni, amatenga sekondi imodzi kapena kupitirira kuti maso aone, mutu uganize, phazi lifike pa buleki. Ndiye kuti galimoto yayenda mamita onsewo isanayambe n'komwe kuima. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti iime mabuleki atapondedwa umawirikiza kanayi. Inu amene munkagona pa phunziro la Physical Science masana, ndi zimene tinkanena zija. Dalaivala akamauza apolisi kuti mwana anangotulukira, funso loyamba limakhala lakuti nanga inuyo mumathamanga bwanji pamalo pamene ana amatulukira.

Zowombana maso ndi maso nazo zilipo, ndipo zimapha moopsa chifukwa magalimoto onse awiri amabwera ndi liwiro lawo. Gwero lake kawirikawiri ndi limodzi, kufuna kupitirira galimoto ina pokhota kapena pachitunda pamene sukuona kutsogolo. Pamenepa mlandu suvuta kwenikweni: amene anasiya mbali yake yakumanzere n'kulowa m'mbali mwa mnzake ndiye ayenera kufotokoza chimene amakatako. Chimodzimodzi wogunda mnzake kumbuyo. Nthawi zambiri mlandu umagwera iyeyo, poti anayenera kusiya mpata wokwanira. Koma sikuti nthawi zonse. Tonse tinaionapo lole yofera pamsewu usiku, yopanda nyali, yopanda zizindikiro zofiira zija za makona atatu, atangoponya nthambi ziwiri pa phula. Nthambi siziwala mumdima. Minibasi ikalowa kunsi kwa lole yotero, wosiya loleyo sangasambe m'manja ngakhale kuti galimoto yake inali itaima.

Kenaka pali zogubuduzika. Tayala laphulika, minibasi yagubuduzika katatu, nkhani ya pa wailesi n'kuthera pomwepo ngati tayala limaphulika lokha popanda chifukwa. Tayala lakutha, losalala ngati mutu wa dazi, atalisenzetsa anthu anayi pampando wa anthu atatu, matumba a chimanga kumbuyo, dzuwa la mu Okutobala likuwotcha phula, mukuganiza lichita chiyani? Amene anaika galimoto yotero pamsewu kuti inyamule anthu anadziwa, kapena anayenera kudziwa. M'malamulo ziwirizi sizitalikirana.

Ndiye tafika pa za malamulozo. Choyamba chimene ambiri sitikudziwa n'chakuti ngozi imodzi imabala milandu iwiri yosiyana. Woyamba ndi wa boma. Apolisi amatengera dalaivala ku khothi chifukwa choyendetsa mosasamala kapena kupha munthu chifukwa choyendetsa moopsa, ndipo akapezeka wolakwa amalipira chindapusa kapena kupita kundende. Chindapusacho chimapita ku boma, sichifika m'manja mwa wovulala. Wachiwiri ndi wa wovulalayo kapena abale a womwalira, wofuna chipukuta misozi. Umenewu apolisi sakuyambitsirani. Mukaukhalira chete ndiye kuti kulibe. Ndamva anthu ambiri akunena kuti nkhani yathu inatha, dalaivala anamulipiritsa, osadziwa kuti yawo siinayambe n'komwe.

Maziko a mlandu wachiwiriwu tinawatengera ku Britain pamodzi ndi malamulo ena ambiri. Mu 1932 makhothi akuluakulu a kumeneko anaweruza mlandu wa Donoghue ndi Stevenson, wa mayi wina wa ku Scotland amene anati anadwala atamwa chakumwa cha m'botolo mmene munali nkhono yowola. Woweruza wina, Lord Atkin, anafotokoza kuti munthu aliyense ayenera kusamala kuti zochita zake zisapweteke anthu amene akudziwa kuti zingawakhudze. Nkhono ya m'botolo ndi minibasi ya ku Ndirande n'zotalikirana, koma mfundo yake ndi imodzi. Wovulala ayenera kuonetsa kuti dalaivala anali ndi udindo wosamala, kuti sanasamale, ndi kuti kusasamalako ndiko kunabweretsa kuvulala.

Nanga alipire ndani, poti dalaivala wa minibasi tikumudziwa, amagona nyumba ya lendi ndipo alibe ngakhale mbuzi? Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi, koma lamulo siliima pa dalaivala yekha. Ngati iye anali pa ntchito ya bwana wake pamene ngozi imachitika, bwanayo nayenso amayankha mlandu, ngakhale anali kunyumba akumwa tiyi. Ine ndimaona kuti zimenezi n'zachilungamo, chifukwa mwini minibasi amene amauza dalaivala kuti madzulo abwere ndi ndalama zakutizakuti zivute zitani, ndiye amene waponda moto ali patali. Pamwamba pa apo, lamulo la za pamsewu la 1997 limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze, ndipo limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji. Kampaniyo imalipira mpaka pa malire amene analembedwa m'pangano lake. M'milandu yambiri ya m'zaka za m'ma 2010 malirewo anali K5 miliyoni. Khothi likagamula zoposa malire, zotsalazo zimabwerera kwa mwini galimoto ndi dalaivala wake.

Khothi powerengera chipukuta misozi limayang'ana ululu umene munthu wamva, zimene ankachita koma tsopano sangathe, zipsera ndi kulumala, ndalama zimene wawononga kuchipatala, ndi zimene akanapeza akanakhala wathanzi. Munthu akamwalira, limayang'ananso anthu amene ankadalira iyeyo. Wovulala naye ngati anathandizira tsoka lake, monga kuwoloka ataledzera kapena kukwera njinga yamoto wopanda chipewa, khothi likhoza kuchepetsa ndalamazo malinga ndi gawo lake. Kuchepetsa, osati kumumana zonse. Ndikubwereza dala, chifukwa mawu akuti "nawenso unalakwa" ndi amene amagwiritsidwa ntchito kuopseza anthu kuti asapite patsogolo.

Zaka zingapo zapitazo mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa Fomu 3 anagundidwa ndi galimoto akupalasa njinga kuchokera kusukulu. Mwendo unathyoka pawiri. Mwini galimoto anali munthu waulemu ndithu, anamutengera kuchipatala, anabwera kawiri kudzamuona atanyamula shuga ndi sobo, n'kusiya kandalama kwa bambo ake. Bambowo anagwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena kuti zachitika zachitika, si ife oyamba. Mnyamatayo anakhala chaka osabwera kusukulu, ndipo atabwerera anali wotsimphina, mpira umene ankaukonda anausiya. Pamene amalume ake ochokera m'tauni anafunsa za inshuwalansi, zaka zinali zitapita, lipoti la apolisi panalibe, nambala ya galimoto palibe anailemba, ndipo mwini galimoto uja anali atasamuka. Chimene chimandipweteka n'chakuti ndalama zimene banjalo linachita nazo manyazi kupempha sizikanachokera m'thumba la munthu waulemu uja. Zikanachokera ku kampani imene iye ankailipira chaka ndi chaka kaamba ka tsiku ngati limenelo.

Pa maliro zimakhalanso choncho. Mwini galimoto amagula bokosi, amabweretsa matumba a ufa ndi ndiwo, amapereka galimoto yonyamula thupi. Zimenezi n'zabwino, ndi umunthu wathu, ndipo sindikufuna zithe. Koma bokosi ndi ufa si sukulu fizi ya ana anayi amene atsala. Kulandira thandizo la pa maliro sikutanthauza kuti mwataya ufulu wanu. Chimene muyenera kusamala nacho ndi pepala. Wina akabwera ndi chikalata choti musaine kuti nkhani yatha, misozi isanaume, muuzeni adikire, mukachionetse kaye kwa wodziwa malamulo.

Nthawi nayo siidikira. Mlandu wa kuvulala chifukwa cha kusasamala kwa wina uyenera kuyambika pasanathe zaka 3, ndipo mwayi wosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji ndi wa zaka 2 zokha. Munthu wogona m'chipatala amaona ngati zaka ziwiri n'zambiri, koma zimatha ukadali kuyendera ndodo. Zofunika kusunga ndi zochepa: nambala ya galimoto, dzina la kampani ya inshuwalansi limene lili pa kapepala komata pagalasi lakutsogolo, lipoti la apolisi, lipoti la dokotala, malisiti onse, ndi maina a anthu awiri kapena atatu amene anaona. Amene alibe ndalama ya loya akhoza kukagogoda ku Legal Aid Bureau, poti boma linaikhazikitsa kaamba ka anthu oterowo. Chenjeraninso ndi madobadoba amene amazungulira m'zipatala akulonjeza kuti akuyendetserani nkhani. Ngati mwasankha loya, kakumaneni naye nokha ku ofesi yake, ndipo mugwirizane za malipiro ake molemba ntchito isanayambe.

Kwa inu ana anga amene muli pa kabaza wa njinga yamoto, ndipo ndikudziwa mulipo ambiri chifukwa mumandipatsa moni pa siteji, nkhaniyi ikukukhudzani mbali ziwiri. Mukagundidwa muli ndi ufulu ngati wina aliyense. Koma mukagunda munthu, kapena kugwetsa amene mwamunyamula, njinga yanu ilibe nambala, ilibe inshuwalansi, inu mulibe laisensi, palibe kampani imene idzaime pakati pa inu ndi wovulalayo. Ngongole yonse idzakhala yanu ndi ya mwini njinga. Ndikudziwa kuti mapepalawo ndi odula poyerekeza ndi zimene mumapeza pa tsiku, sindikukana. Ndikungofuna mudziwe chimene mwanyamula pamodzi ndi kasitomala.

Tsopano kwa ife aphunzitsi. Ikafika nthawi ya mpira kapena ulendo wa kwaya, timasonkhetsa ana ndalama n'kubwereka lole, poti basi ndi yodula. Ana makumi asanu kapena kupitirira amakwera kumbuyo, ena atakhala m'mphepete, akuimba, ife tili kutsogolo ndi dalaivala. Lole ndi galimoto ya katundu, ndipo kampani ya inshuwalansi ikhoza kukana kulipira anthu amene anakwera kumbuyo kwa galimoto yosaloledwa kunyamula anthu. Zikatero makolo adzayang'ana kwa mwini lole, kenaka adzayang'ana kwa amene anaibwereka n'kukwezamo ana awo. Mwana akakhala m'manja mwathu udindo womusamala ndi wathu, ndipo sutha chifukwa tatuluka pa geti ya sukulu.

Pa sukulu pathu tinagwirizana ndi ahedi kuti galimoto iliyonse yonyamula ana, mphunzitsi mmodzi aziyamba waona pagalasi ngati inshuwalansi ndi COF zisanathe ntchito, aone laisensi ya dalaivala, azungulire matayala onse, ndipo alembe nambala ya galimoto ndi maina a ana m'kope limene limatsala ku ofesi. Teremu yathayi tinabweza galimoto imodzi chifukwa cha matayala akumbuyo, ndipo anyamata a mpira anakhala sabata yathunthu osandipatsa moni.